Kamakina kowerenga mapazi komwe ndinagulira amayi, patapita miyezi

Kamakina aka, kaja amati pedometer, amayi akhala nako kuyambira nthawi yokolola mpaka pano mvula yayamba. Ndinawagulira a dokotala atanena kuti BP yawo ikufuna aziyendayenda, asamangokhala pakhonde tsiku lonse. Ndinasankha kosavuta kwenikweni, ka manambala akuluakulu ndi kabatani kamodzi, kosalira foni kapena intaneti. Pamenepo sindinalakwitse. Wotchi zija zofuna kutchaja pafupipafupi zikanangogona m'kabati, chifukwa magetsi akabwera aliyense pakhomo amathamangira foni yake. Aka kamayendera kabatire kophwatalala ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, ndipo sitinasinthepo.

Mutu unatipweteka pa nkhani ya pokavala. Okapanga ankaganiza za munthu wa buluku ndi lamba, pomwe amayi amavala chitenje. Akakapanikiza m'chiuno kankapulumuka akangowerama kuti achape, ndipo tsiku lina mdzukulu anakatola m'mphepete mwa beseni, katsala pang'ono kumira. Tinakamangirira chingwe, pano amakakoleka m'khosi mkati mwa bulauzi. Zinatheka chifukwa ndi ka mtundu watsopano, komva kugwedezeka mbali iliyonse. Takale tija, tokhala ndi kachitsulo kolira "tiki tiki" mkati, timafuna kukhala chilili m'chiuno. Tikapendekeka basi, manambala asokonekera. Funsani zimenezi musanapereke ndalama.

Nanga kamawerenga zoona? Amayi akamapita kutchalitchi kapena kuchigayo, akuyenda bwinobwino, kamalondola ndithu. Ndinayendapo nawo ndikuwerenga chamumtima, tinangosiyana pang'ono. Koma m'nyumba amayenda mokhwekhwereza patapata, ndipo mapazi oterowo ambiri sikawamva. Komanso kamadikira kaye masekondi angapo kasanayambe kuwerenga, choncho kuchoka pambaula kukafika patebulo kumapita pachabe. Amayi zinawanyansa. "Ndakhala chiimire kuyambira m'mawa, iko kakuti sindinayende?" Tsono akakwera minibasi pamsewu wafumbi kamawaonjezera mapazi a ulere, ndipo pamenepo sadandaula.

Pabokosi analembapo kuti cholinga ndi mapazi 10,000 patsiku. Nambala imeneyi inatchuka ku Japan m'ma 1960, kampani ya Yamasa ikutsatsa makina ake owerenga mapazi. Inali nkhani ya malonda. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019, wotsogoleredwa ndi I-Min Lee wa ku Harvard, anatsata amayi achikulire a ku America, a zaka pafupifupi 72. Amene ankayenda mapazi pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira ochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linkakwera mpaka cha m'ma 7,500, kenako n'kuima. Ndiye ndinawauza amayi kuti za pabokosizo aziiwale. Munthu wa mawondo owawa mukamuikira 10,000, sabata yoyamba yomweyo agwa ulesi. Tinangoona kaye nambala ya masiku wamba, n'kumaonjezera pang'onopang'ono.

Chimene sindinayembekezere ndi kope. Kamakinaka kamabwerera pa 0 pakati pa usiku ndipo kamasunga za masiku 7 okha, choncho amayi anayamba kulemba nambala ya tsiku lililonse madzulo asanagone. Tsamba la Lamlungu limakhala lonenepa, la masiku a mvula lowonda. Kopelo amapita nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lawo, ndipo nambala ikachepa amadzitumanso okha kukagula mchere kugolosale m'malo motuma ana. BP yatsikako, koma akumwanso mankhwala mokhulupirika, ndiye sindingakatamande kamakina kokha.

Kwa kholo loyendabe lokha ndi mphatso yabwino, bola manambala awoneke popanda magalasi. Koma amalume anga, amene amayendera ndodo pang'onopang'ono, sindiwagulira. Kangamawauze nambala yochepa kuposa zimene ayendadi. Iwowo ndawauza aziwerenga mphindi pawotchi, poti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 zolimbitsa thupi pasabata.