Achimwene a seva aja ndawapatsa nyenyezi 4, imodziyo yatsala pa minibasi

Ife tili ndi kaloji kuno ku Likhubula, alendo athu ambiri ndi okwera phiri la Mulanje opita ku Chambe kapena ku Sapitwa ndipo amabukitsa pa webusayiti. Ndiye masiku atatu osalandila imelo olo imodzi, ine nkumati kaya ndi mvulayi, kumangokhala phee, mpaka mzungu wina anachita kuimba foni kuti bwanji simukundiyankha.

Kunena zoona vuto tinaliputa tokha. Mphwanga amene amatithandiza za kompyuta anabweza backup magetsi atazima, kenako nkulemba chown -R (lamulo losintha mwini wa mafayilo) pa /var/spool yonse, foda imene maimelo amadikilamo pa seva yathu, basi zonse kukhala za root, akaunti yaikulu ya pa seva. Ine izi ndazidziwa pano, nthawi imeneyo ndimangoti netiweki.

Tinaitana achimwene ena a ku Limbe okonza ma seva. Anati afika 9 koloko, anafika dzuwa litapendeka, eti minibasi inaima nthawi yaitali pa Luchenza, chabwino koma foni ndiye bwanji osayankha? Apo pokha sanandisangalatse.

Koma ntchito ndiye amaidziwa aise. Sanayambe ndi zoti tigule makina atsopano ayi, anangotsegula /var/log/mail.log nkundilozela mzere wa postdrop (kachigawo ka Postfix, pulogalamu yoyendetsa maimelo) wolembedwa Permission denied, eti yakanizidwa kulowa, nkundifotokozela mchichewa chomveka kuti fomu ya pa webusayiti ikatumiza uthenga umayamba wagwela mu foda ya maildrop, ndiye fodayo mwini wake amayenela kukhala postfix, gulu lake postdrop, ikasintha mwini zili ngati positi ofesi yokhoma wamakalata waima panja. Mphwanga anati tingopanga chmod 777 zithe, iwo anakana ndithu kuti kumeneko nkusiya chitseko pululu aliyense azilowa.

Anaimitsa Postfix, kulemba postfix set-permissions kuti eni a mafoda abwelele mwakale, kenako postfix check osadandaulanso kanthu, kuyatsa, nkulemba postqueue -f, maimelo amene anaunjikana pa mzere aja kuyamba kutuluka ine ndikuona ndi maso pa mailq, lamulo loonetsa maimelo amene akudikila. Anatinso tachita mwayi poti Postfix imasunga uthenga wokanika masiku 5 basi, kupitilila apo imaubweza kwa mwini wake. Ena a pa fomu aja sanalowe nkomwe pa mzere, amenewo anapita.

Mtengo unali wowawako ndithu poti thiransipoti tinalipila ife, koma anamulembela mphwanga malamulo atatu pa pepala ndipo tamata pakhoma pafupi ndi rauta. Patha masabata awiri, mmawa uliwonse mailq ikumati Mail queue is empty. Mukawafuna muwauze abwele dzulo lake.