Mpando wa lendi m'saluni ya ku Joni

Atsikana a kwathu ku Ntcheu odziwa kuluka akhala akundilembera pa WhatsApp. Ena nambala yanga anaitenga kwa amayi, ena kwa achemwali anga a ku Kampepuza, ndipo pempho lake ndi limodzimodzi: "Achemwali, tipezereniko ntchito ya saluni kumeneko." Ndati ndiyankhe onse pamodzi, poti nkhani yake ndi yaitali.

Kuno ku Johannesburg, m'masaluni amene ife obwera timalowamo, ku Yeoville, ku Hillbrow kapena m'tauni cha ku Bree Street, ntchito yoti bwana akulembe n'kumakupatsa malipiro pakutha pa mwezi ndi yosowa. Chimene chilipo ndi mpando. Mwini saluni amachita lendi chipinda chonse kwa mwini nyumba, amaikamo mipando moyang'ana magalasi, kenako mpando uliwonse amaupatsa woluka wake pa mtengo. Zili ngati munda wa lendi kumadimba a ku Tsangano: mwini munda yake amalandira, kaya kachewere wabereka kaya wapsa.

Njira zake ndi ziwiri. Mukangofika, mulibe kasitomala ndi mmodzi yemwe, ambiri amayamba ndi kugawana. Mutu uliwonse mwaluka, theka ndi lanu, theka la mwini saluni, ndipo mankhwala ndi ake. Simugona ndi ngongole, koma simulemeranso. Anthu akayamba kukufunsani ndi dzina, m'pamene mumapempha mpando wa lendi. Ine ndimapereka R500 Lolemba lililonse. Mayi mwini saluni, wa ku Congo, amabwera ndi kope lake lachikuto cholimba, amayamba mpando wa pakhomo mpaka wa kusinki, akulandira n'kumachonga. Si munthu woipa, maliro akagwa kumudzi amasonkha nafe. Koma Lolemba samva zoti sabata inali yozizira.

R500 imeneyo imagula chiyani? Mpando, galasi, soketi imodzi, kabati kakang'ono kamene loko wake mumagula nokha, ndi ufulu wogwiritsa ntchito sinki yotsukira mitu ndi madirayala awiri a tonse. Basi. Mesh, zipeso, gel, shampoo, mankhwala owongolera tsitsi, matawulo ndi sopo wochapira matawulowo, zonse n'zanu. Magetsi ndi a mayunitsi ngati kwathu komweko, ndipo timasonkha. Apa m'pamene pamabuka mikangano yambiri. Mnyamata wometa amati makina ake sadya kanthu. Wa zikhadabo amati kanyale kake n'kakang'ono. Onse amaloza ketulo yanga, imene ndimawiritsira madzi oviikamo michira ya mesh kuti isamasuke, ine n'kuloza madirayala. Mu 2023, magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, ife oluka tinkangokokera mpando pakhomo pamene pali kuwala, koma anzathu owongola ndi kuseta tsitsi ankangokhala manja ali m'chiuno, kasitomala mutu uli chinyowere. Lendi sinatsike. Mu 2020 zinali zoposa apa: boma linatseka zonse kuyambira pa 27 Malichi chifukwa cha Covid-19, masaluni anadzatsegula mu Juni, ndipo eni ena anakhululuka lendi ya miyeziyo pamene ena anailemba ngongole.

Tsopano mvetsetsani nkhani ya makasitomala, chifukwa chuma chonse cha woluka chagona pamenepa. Munthu wongolowa yekha pakhomo, wosadziwa aliyense, timalandirana motsatana: lero woyamba ndi wa mpando uwu, wachiwiri wa mpando winawo. Loweruka la kumapeto kwa mwezi dongosolo limeneli limasokonekera, wina amakaimirira panja n'kumugwira dzanja kasitomala asanaponde pakhomo, ndiye mumve Chilingala, Chishona, Chizulu ndi Chichewa zikuwira nthawi imodzi. (Ife Angoni timanyadira kuti makolo athu anachokera kumwera kuno, koma Chizulu ndinachiyamba ngati khanda, ndipo kasitomala amasuka ndi woluka amene akumva nkhani zake.) Ongolowawo sangakulipirireni lendi. Amene amakusungani ndi uja wakuimbirani Lachitatu kuti mumusungire malo Loweruka m'mawa.

N'chifukwa chake nambala ya kasitomala aliyense muziisunga m'foni yanu, ndipo mutu uliwonse mwamaliza muziujambula, atakulolani, n'kuika pa status, pa Facebook kapena pa TikTok. Pali eni masaluni ena amene amafuna kuti anthu azibukitsa kudzera pa foni ya saluni yokha. Malo otero ine sindikhalapo ngakhale mpando wake utatchipa bwanji, chifukwa tsiku lochoka mumachoka ndi zipeso zokha. Mnzanga wa ku Dedza, wa cha ku Bembeke, anasamuka saluni atakwezeredwa lendi, anangopita mseu wachiwiri, ndipo anthu ake anamutsatira pafupifupi onse poti anali nawo m'foni. Chachikulu musasamukire kutali koti munthu akwere taxi ziwiri.

Musanaike loko pa kabati, gwirizanani zonse ndipo zilembedwe. Mapepala osainirana sapezekapezeka m'masaluni athuwa, koma uthenga wa pa WhatsApp umakwana: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti idzabwezedwa bwanji, akafuna kukweza kapena kukuchotsani adzakuuzani kutatsala nthawi yotani, kiyi amasunga ndani ngati kasitomala akufuna kuyamba 6 koloko m'mawa. Funsaninso ngati mungagulitse mesh wanu, chifukwa eni ena amafuna aliyense azigula wa pashelefu pawo, pamene phindu lina limabisala mu mesh wa X-pression ndi Darling amene mwakaoda nokha m'tauni. Ndipo funsani za kamakina kolipirira ndi khadi. Anthu ambiri kuno sayenda ndi ndalama m'thumba, amangogunditsa khadi, ndalamayo n'kulowa mu akaunti ya mwini saluni. Kuti ifike m'manja mwanu zimatengera mtima wake, ndipo ena amadulapo kangachepe.

Ndikauza anthu kumudzi kuti knotless (kuluka mesh kosayamba ndi mfundo patsinde pa tsitsi) zofika m'chiuno ndimatchaja R600, amathamangira kuchulukitsa m'makwacha, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kuyamba kundiwerengera malata. Mutu umenewo umadya maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, mpando uli wotsekeka, msana ukuyaka, zala zitauma ndi gel. Pamenepo muchotsepo mesh, muchotsepo ya mtsikana wothandiza kumaliza michira ngati mukufuna kugwira mitu iwiri tsiku limodzi, taxi, chakudya, lendi ya chipinda chogona. Disembala ndi sabata ya Pasaka timaluka mpaka usiku. Januwale anthu ndalama zathera ku yunifolomu ndi fizi, ndipo Juni ndi Julayi, kukuzizira kuposa ku Dedza, azimayi amangoluka mizere n'kuvala wigi. Ya Disembala ndi imene imalipira mpando wa Januwale. Ife Amalawi angapo tili ndi chipereganyu chathu, ndipo amayi amadziwa kuti uthenga wa Mukuru umalira pafoni pawo mwezi umene ndalandira ine, osati mwezi uliwonse.

Za mapepala ndinene mosabisa. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 ngati mlendo, ndipo chidindo chimenecho si chilolezo chogwira ntchito. Mukapitirira ndi masiku oposa 30, potuluka amakuletsani kulowanso zaka 5, ndipo ogwidwa amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa. Mwini saluni sakufunsani mapepala pokupatsani mpando, koma amadziwa kuti wopanda mapepala akadyeredwa dipoziti alibe kokadandaula. Basi ija imene mumaiona ikudutsa pachipata cha Dedza kulowera ku Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, imabweretsanso anthu amene anasiya madirayala awo m'makabati a eni.

Iwe wa ku Bilila amene wanditumizira zithunzi, manja uli nawo, mizere yako ndi yowongoka bwino. Koma kutsogolo ukukoka kwambiri, ndaona timatuza pamphumi pa mwanayo, ndipo kuno kasitomala akathothoka tsitsi la m'mbali sabweranso, amauzanso anzake. Phunzira knotless ndi kuika frontal (kachigamba ka tsitsi lochita kugula koika kutsogolo kwa mutu), zimenezo ndiye zikuyenda. Ndipo usanagulitse mbuzi za amayi ako kuti upeze ya basi, pita pa boma pa Ntcheu kapena pa Lizulu tsiku la msika, ukapemphe kangodya m'saluni ya munthu, uzilipira pa sabata kuyambira nyengo ya maukwati mpaka Januwale adutse. Ukadzandilembera Febuluwale undiuze kuti anthu okuimbira okha afika angati.