Kromu, stainless ndi aluminiyamu pa injini ya boti: zomwe zikunyezimirabe chaka chitadutsa

Papita chaka ndi miyezi ingapo chikonzetsereni injini ya boti langa, ndipo popeza pa nthawiyo zitsulo zake zinanyezimiritsidwa m'njira zosiyanasiyana, tsopano ndikutha kunena zomwe zapirira ndi zomwe zagonja. Botili limayenda m'madzi amchere, injini yake ndi yokhala m'kati, ndipo ndimaipukuta ndi madzi abwino nthawi zambiri ndikachoka panyanja. Zovundikira mavavu ndi mabulaketi a chitsulo wamba zinakutidwa ndi kromu, mapule a aluminiyamu anangopukutidwa mpaka kuwala, zogwirira mapayipi za aluminiyamu zinachitidwa anodizing (njira yolimbitsa pamwamba pa aluminiyamu pogwiritsa ntchito magetsi), mabawuti ndi makilampu ndi a stainless, pomwe chivundikiro cha polowera mpweya chinapakidwa penti yaufa yooneka ngati kromu. Tsiku loyamba pafupifupi zonsezi zinkawala mofanana. Lero zasiyana kwambiri, ndipo chomwe chazisiyanitsa ndi chitsulo chomwe chili pansi pa kuwalako pamodzi ndi mmene chinakonzedwera chisanakutidwe.

Kromu ndiye wandikhumudwitsa koposa, ngakhale kuti mlandu wake si wa kromuyo payekha. Kromu wokongoletsera amakhala wopyapyala zedi, nthawi zambiri osafika theka la micron imodzi (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pomwe tsitsi la munthu limanenepa ma micron pafupifupi 70. Amakhalanso ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, choncho sangatseke chinyontho payekha. Amene amateteza chitsulo ndi nikelo amene amaikidwa pansi pake, ndipo nikeloyo akakhala wochepa, mchere umalowa pa timing'aluto, n'kumuboola mpaka kufika pa chitsulo. Pa zovundikira mavavu, pamwamba posalala pakuwalabe bwino lomwe, koma m'makona ndi mozungulira mabowo a mabawuti mwatuluka timadontho tofiira ta dzimbiri, ndipo mukayendetsapo chikhadabo mumamva timatuza tolimba tomwe tikukweza chikutocho kuchokera pansi. Chifukwa chake n'chodziwika kwa onse ogwira ntchitoyi: pokuta chitsulo ndi magetsi, nikelo amaunjikana m'mphepete motulukira kunja ndipo amachepa m'malo olowa m'kati, amenenso ndi malo omwe madzi amakonda kukhazikika. Mabulaketi, omwe ali mmunsi pafupi ndi madzi odikha pansi pa boti, afika poipa kuposa pamenepo, moti pa limodzi kromu wayamba kukanganuka pa malo owotcherera.

Koma pali kachitsulo kamodzi kokutidwa ndi kromu komwe sikanasinthe ngakhale pang'ono, kolumikizira payipi ya madzi, komwe m'kati mwake ndi bronze, chitsulo chosakaniza chokhala ndi mkuwa wambiri. Pamene kromu wakandika, chomwe chikuoneka ndi kamzere kachikasu chabe, popanda thuza kapena dzimbiri. Apa mpamene ndinaona kuti kromu pa bronze kapena brass, yemwenso ndi wa mkuwa wosakaniza, ndi chinthu china, kromu pa chitsulo wamba ndi chinanso, ndipo kromu pa zinki woumba, amene amapezeka pa tizipangizo tambiri totsika mtengo, ndiye wosathandiza konse m'mpweya wamchere chifukwa amadyeka timaenje takuya tosatheka kukonza. Amene akufunabe kromu pa chitsulo wamba afunse wokutayo ngati amaika nikelo wa magawo awiri, wosawala kwambiri pansi ndi wowala pamwamba, popeza gawo lapamwambalo limadyeka m'malo mwa lapansi ndipo dzimbiri limachedwa kufika pa chitsulo. Afunsenso kunenepa kwa nikeloyo, chifukwa mawu akuti triple chrome amangotanthauza kuti pali mkuwa, nikelo ndi kromu, osanena kuti gawo lililonse ndi lochuluka motani.

Stainless ndi amene wapambana, koma osati mtundu uliwonse. Mabawuti olembedwa A4 pamutu, omwe ndi a mtundu wa 316, akuwala monga mmene analili, ndipo kupukuta ndi kansalu kokha kumakwanira. Makilampu angapo omwe sikuluu yake ndi ya mtundu wa 304 achita mawanga ofiirira. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi ndi molybdenum, mtundu wina wa chitsulo, wa pakati pa 2 ndi 3 peresenti amene ali mu 316, yemwe amathandiza chitsulocho kulimbana ndi mchere. Ubwino waukulu wa stainless wopukutidwa ndi wakuti palibe chikuto chomwe chingasendeke, chifukwa kuwalako ndi kwa chitsulo chenichenicho, ndipo chikakandika mumangopukutanso. Chitetezo chake ndi kansalu kosaoneka komwe kamapangika kromu amene anasakanizidwa m'chitsulomo akakumana ndi mpweya, ndiye chifukwa chake chimadyekera pamalo obisika. Nditamasula bawuti lina lomwe mutu wake unkawala bwino, pansi pa washala ndinapeza mzere wakuda wozungulira wokhala ndi timaenje, pomwe madzi amchere anakhala opanda mpweya.

Pali zinthu zina ziwiri zomwe wogula mabawuti a stainless ayenera kudziwa asanasinthe onse a pa injini. Choyamba, stainless akamangidwa mu aluminiyamu pamalo achinyontho chamchere, zitsulo ziwirizi zimapanga mphamvu ya magetsi pakati pawo ndipo aluminiyamu ndiye amadyeka, n'kusanduka ufa woyera umene umamanga bawuti mpaka kukanika kumasuka. Mabawuti omwe anapakidwa mankhwala olekanitsa zitsulo, monga Tef-Gel kapena Duralac, amasuka mosavuta, pomwe awiri omwe analowa ouma anafunika kutenthetsa ndi kuleza mtima kwambiri. Tef-Gel amathandizanso pa vuto la mazinga a stainless omwe amalumana okha ndi nati yake mukamanga mothamanga. Chachiwiri, bawuti la stainless lolembedwa A4-70 limapirira mphamvu yokoka ya 700 MPa (muyeso wa mphamvu yomwe chitsulo chingapirire chisanaduke), pomwe la chitsulo la giredi 10.9 limapirira pafupifupi 1,000 MPa, choncho mabawuti omanga mutu wa injini ndi ena onse onyamula katundu wolemera asasinthidwe chifukwa chofuna kukongola.

Za aluminiyamu wongopukuta sindichulukitsa mawu. Amawala kwambiri sabata zoyambirira, kenako amatuwa ndi kuchita timadontho toyera, ndipo amafuna polishi kawirikawiri, ntchito yomwe imatopetsa pa mapule obisika kuseri kwa malamba. Zogwirira mapayipi zomwe zinachitidwa anodizing sizinawalepo ngati kalilole kuyambira pachiyambi, koma mmene zinalili ndi mmene zililibe, kupatula pamalo pomwe sipanala inagunda. Kwa ine kuwala kochepa kosasintha n'kwabwino kuposa kuwala kwakukulu kofuna kugwada m'chipinda cha injini mwezi uliwonse.

Penti yaufa, yomwe amaiwotcha mu uvuni pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 200 a Celsius, yateteza chitsulo bwino ndipo dzimbiri silinaoneke paliponse, koma kuitcha kromu n'kukokomeza. Utoto woonekera womwe amaika pamwamba kuti uteteze kuwalako umachepetsanso kuwalako, ndipo mtundu wake tsopano uli ngati wa siliva wothimbirira. Vuto lake lenileni lingabwere penti ikabenthuka, chifukwa madzi amayenda pansi pake mosaoneka, ndiye ndimayang'ana m'mphepete mwake nthawi ndi nthawi.

Ogulitsa ambiri amatchula maola omwe chikuto chawo chinapirira pa mayeso a ASTM B117, momwe chitsulo amachiika mu nkhungu ya madzi a mchere wa 5 peresenti pa kutentha kwa madigiri 35 a Celsius mosalekeza. Mayesowa ndi othandiza poyerekeza zikuto ziwiri za mtundu umodzi, koma sanena zaka zomwe chinthu chidzakhale pa injini yomwe imatentha ndi kuzizira, kunjenjemera, kudonthedwa oyilo ndi kugundidwa ndi zida. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi mchere wa pafupifupi 3.5 peresenti, koma akauma pa chitsulo chotentha amasiya mchere wokhawokha umene umakokanso chinyontho usiku, ndipo izi m'mayesomo mulibe.

Pa chisamaliro, chomwe chathandiza kwambiri ndi kupukuta ndi madzi abwino injini ikazizira, kuumitsa, ndi kusiya chitseko cha injini chotsegula kuti mpweya uzilowa. Kromu ndimamupaka wakisi kuti atseke timing'alu tija. Sitiliwulu sindimuyandikizitsa pa stainless kapena pa kromu chifukwa amasiya tizidutswa tachitsulo tomwe timachita dzimbiri pamwamba, ndipo mankhwala oyeretsera okhala ndi klorini amawononga stainless mofanana ndi mchere. Pokonzanso injiniyi, mabulaketi ndidzawapangitsa a 316 n'kuwapukutitsa, mapule adzachitidwa anodizing, ndipo zovundikira mavavu ndidzazisiya ndi kromu wake mpaka matuza afike pamwamba poonekera, kenako zidzapita kwa wokuta amene angavomere kulemba papepala kunenepa kwa nikelo wake.