Chaka ndi miyezi iwiri ndi injini ya 5L mu Hilux ya amalume

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya 1992, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, imene amalume anga anandisiyira. Iwo ankanyamulira kachewere kuchokera ku Bembeke, ndipo inenso ntchito ndi yomweyo: kachewere, kabichi ndi nyemba kupita nazo ku Lilongwe kapena kutsikira nazo kunyanja, pobwera usipa ngati wapezeka. Mu Epulo chaka chatha tinachotsa injini yake yobadwa nayo, ya 2L, n'kuikamo ya 5L. Anzanga a pa Dedza boma akhala akundifunsa ngati nawonso achite zomwezo. Ndinkawauza kuti ayambe adikira, ndione kaye kutentha kwa Okutobala, matope a dzinja ndi chisanu cha Julaye. Zonsezi ndadutsamo tsopano.

2L ija inali itatopa. Oyilo inkamwa wosaneneka, kumbuyo utsi wabuluu, ndipo ukatsegula chotsekera oyilo injini ikulira munkatuluka nthunzi ngati wavundukula mphika wa nyemba. Kuigwetsa n'kuimanganso kunali kotheka, koma amakaniko atawerengera mapisitoni, malingi, ntchito ya pa buloko ndi hedi yomwe inali itang'alukapo kale, ndalama zake zinayandikira mtengo wa injini ya kaunjika yochokera ku Japan. Zogula galimoto ina sindinaziganizire n'komwe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto inatithawa anthu ngati ife.

Ena ankandikopa kuti ndiike 1KZ ya turbo, akuti ndizikauluka. Ndinakana, ndipo mpaka lero sindidandaula. 2L, 3L ndi 5L ndi ana a mimba imodzi: yoyamba ndi ya 2,446cc, yachiwiri 2,779cc, yachitatu 2,986cc, zonse za masilinda anayi, zopanda turbo. N'chifukwa chake 5L inakhala pamipando yakale, giyabokosi n'kulumikizika popanda kudula kapena kuwotcherera chitsulo. Yanga inachokera mu minibasi, ndiye tinasintha sampu ndi tina ting'onoting'ono kuti ilowe bwino, koma inali ntchito ya masiku anayi basi. Chimene ndinaumirira n'chakuti ikhale 5L ya pampu wamba, osati 5L-E yoyendetsedwa ndi kompyuta. Ya pampu wamba imangofuna waya mmodzi wotsegula ndi kutseka dizilo, ndipo ikakuvuta ku Mtakataka makaniko wa pansi pa mtengo wa mango akhoza kuidzutsa. Masipeya nawo savuta, chifukwa minibasi zakale za HiAce zodzaza m'misewu yathuzi zambiri zimayendera injini za banja lomweli. Injini idakali pansi tinaika timing belt yatsopano pamodzi ndi pampu ya madzi. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo injini ya kaunjika sikuuza kuti inayenda angati kwawo.

Ubwino wake ndinauona ulendo woyamba pa Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wochokera ku Golomoti kukatulukira pa Masasa. Amene sayendako sadziwa kuti galimoto imavutika bwanji pamenepa. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500, pomwe Dedza boma ili pa mamita pafupifupi 1,600. Ukamakwera mpweya umanka nupepuka, ndipo injini yopanda turbo imapuma mpweya womwewo, ndiye pamene mtunda ukufuna mphamvu zambiri m'pamenenso mphamvu zikuchepa. Ndi 2L, makona akuthwa aja ndinkawakwera pa giya yoyamba phazi lili pansi, kumbuyo utsi wakuda bii, mtima uli m'mwamba kuti ikazima ndibwerera chammbuyo. Ndi 5L ndinakwera pa giya yachiwiri, katundu yemweyo, phazi lisanafike pansi. Mnyamata amene ndimayenda naye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, lero sinditsika kukaika mwala?" Sanatsike. Pa M1 napo, zitunda za pakati pa Dedza ndi Lizulu zimene ndinkatsitsira giya yachitatu pano ndimadutsa pa yachinayi. Liwiro silinasinthe kwenikweni, popeza giyabokosi ndi difu n'zomwe zija. Chinaonjezeka ndi kukoka.

Za dizilo ndimalemba m'kope, chifukwa masiku a mizere pa filling station lita iliyonse imawawa. Ikakhala yopanda katundu imamwa kuposa yakale. Ikasenza, kusiyana n'kochepa: ulendo wa ku Lilongwe ndi kubwerako, makilomita pafupifupi 170, imaonjeza lita imodzi kapena awiri. Oyilo sindithiranso panjira.

Tsopano zovuta, ndipo ndizinena mwa ndondomeko yomwe zinabwerera, chifukwa zinkachita ngati zikupatsana mpata.

Yoyamba inali clutch, mwezi wachitatu. Tinasiyamo yakale poganiza zopulumutsa ndalama. Injini yofooka inkaisunga, koma yamphamvuyi inaiulula msanga: pa chitunda injini ikukwera mawu, galimoto osaonjeza liwiro, fungo la chinthu chopserera m'kabini. Tinatsitsanso giyabokosi, kulipira kawiri ntchito imene ikanachitika ulere tsiku loika injini.

Yachiwiri inali kutentha. Mu Okutobala ku Golomoti kumawotcha, ndipo tsiku lina pokwera masana singano inadutsa pakati n'kumapitirira. Ndinaima pambali, osazimitsa injini, n'kutsegula boneti kudikira kuti itsike yokha. Injini za banja limeneli zimapirira zambiri koma kuwira ayi. Ikawira kawiri katatu hedi imang'aluka, ndipo ya 2L ija inafa imfa yomweyo. Radiator inali ya 1992, mkati itadzaza dzimbiri ndi zoyera za madzi a pa mjigo, ndipo inapangidwira injini yochepa ndi 540cc. Ndinagula ina yonenepa ya mizere itatu, tinakonzanso fani, ndipo pano ndimathira coolant, osati madzi otunga pamsewu. Amakaniko anafuna kuchotsa thermostat, monga amachitira ambiri, akuti kuno ndi ku Africa. Ndinati, "Achimwene, ku Bembeke m'mawa wa Julaye mukudziwako inu. Isiyeni." Injini yosafunda bwino imadya dizilo ndipo imatha msanga. Chisinthireni radiator, singano sinadutsenso pakati.

Yachitatu ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi, ndipo mlandu wake ndi wanga. Galimotoyi ndi ya tani imodzi. Amalume ankaika matumba khumi a kachewere, osokerera mutu aja, osapitirira, chifukwa injini inkawaletsa yokha: ukaonjeza, siikwera. 5L inachotsa chiletso chimenecho. Ndinayamba khumi ndi awiri, kenako khumi ndi asanu, injini osadandaula, ine n'kumawerengera phindu. Sindinaganizire kuti mabuleki, masipuling'i ndi matayala ndi a galimoto yomwe ija.

Linali Lachisanu mu Januwale, m'mawa, kutagwa mvula usiku. Tinkatsika Khwekhwerere ndi matumba khumi ndi asanu, ndili pa giya yachitatu, kupondaponda mabuleki kona iliyonse. Titatsika ndithu, mnyamata uja anati, "Bwana, kukununkha." Ndisanayankhe ndinaponda, buleki gwa ngati ndaponda mwala. Galimoto inkachepetsa liwiro, koma pang'ono zedi, ndipo kutsogolo kunali kona yokhotera kumanja, kuseri kwake phompho. Ndinakankha phazi ndi thupi lonse msana utakanikiza mpando, n'kulowetsa giya yachiwiri mokakamiza, injini inalira ngati iphulika, kenako handibuleki pang'onopang'ono kuopa kuti kumbuyo kungatererere. Tinakaima matayala akumanzere ali m'ngalande, bodi itatsamira khoma la dothi. Titatuluka, matayala akutsogolo ankafuka utsi. Mayi wina wosenza nkhuni anaima n'kutiyang'ana, kenako anangoti, "Pepani bambo, Mulungu ngwamkulu," n'kupitiriza ulendo wake. Ine miyendo inkanjenjemera moti ndinakhala pamwala kwa nthawi.

Chinachitika n'chiyani? Galimoto ya dizilo yotere ili ndi kapampu kumbuyo kwa alternator kamene kamakoka mpweya kuti buleki izipondeka mofewa. Kuchokera pa kapampuko kupita ku booster pali kapaipi ka labala. Poika injini tinabwezeretsa kakale, kouma, ndipo kanali katakokeka pang'ono chifukwa alternator ya injini yatsopano inakhala mosiyana. Tsiku limenelo kanang'ambika. Mabuleki amagwirabe ngakhale kapaipi katang'ambika, kungoti pamafunika mwendo wamphamvu. Koma anga anali atatentha kale ndi katundu wopitirira muyezo, ndiye zinakumana ziwiri nthawi imodzi. Kapaipi kameneka mtengo wake sufika ngakhale thumba limodzi la kachewere.

Madzulo ake nditafotokoza kunyumba, mayi a ana sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, amalume anu ankanyamula matumba angati?" Ndinati khumi. Iwo anati, "Ndiye tizidya za matumba khumi." Kuyambira pamenepo ndi khumi, ndipo Khwekhwerere ndimatsika pa giya yachiwiri kuyambira pamwamba, giya yomweyo imene ndimakwerera. Tinasintha mapadi akutsogolo, nsapato za kumbuyo, mapaipi onse a labala ndi brake fluid, amene anali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Poyang'ana pansi tinapezanso sipuling'i imodzi yakumbuyo itathyoka, umboni wina wa matumba asanu aja.

Chisanu chinabweretsa kake kakang'ono. Injini yokulirapo imalemera kuipukusa, ndipo batire yakale inagonja m'mawa wina wa Juni, ndinaika yaikulu. Mahita nawo, timapulagi tofunditsa injini ya dizilo isanalire, anapsa onse pasanathe mwezi, chifukwa amene anabwera ndi injini sankagwirizana ndi mawaya a galimoto yanga. Mahita a Toyota amaoneka ofanana koma mavoti ake amasiyana, ndipo nambala imalembedwa pa hita penipenipo. Titaika oyenera, imadzuka kamodzi ngakhale nkhungu itaphimba phiri la Dedza.

Mapepala musawaiwale. Nambala ya injini iyenera kufanana ndi yolembedwa mu blue book, ndiye sungani lisiti ndi zikalata zonse za injiniyo, mupite nazo ku Road Traffic akasinthe nthawi ya COF isanakwane. Ine ndinakachitira ku Lilongwe, ndipo a inshulansi ndinawadziwitsanso.

Ndiye kwa anzanga ofunsa aja: inde, ndikhoza kuikanso 5L popanda kukayika, ndipo pa chaka ndi miyezi iwiri injiniyo payokha sinandivutitsepo. Koma mtengo umene wogulitsa akuuzeni si mtengo wa ntchito yonse. Powerengera muikepo clutch, radiator, batire, mahita ndi mabuleki onse, zichitike sabata imodzi ndi injiniyo. Ndalama zikapanda kukwana zonsezi, kuli bwino kumanganso 2L yanu. Ngati 2L yanu ikadali yamoyo, kapena maulendo anu ndi a kuchigwa, Golomoti mpaka Salima, musaichotse, palibe chimene mupindule. Ngati chasisi yadyeka ndi dzimbiri, injini yaikulu ingoimaliza. Oyenera kusintha ndi ife okwera ndi kutsika phiri ndi katundu sabata ndi sabata.

Pakali pano difu yayamba kung'ung'udza ndikachotsa phazi pa liwiro la 80. Amakaniko akuti ndi ma bearing, ndipo ndikukhulupirira kuti miyezi ya matumba khumi ndi asanu ija inathandizira. Oyilo wake ndasintha, ndikuyenda nayo mosamala, ndipo ndikangogulitsa kachewere wa kudimba ndikaisiya kugalaja.