Ndemanga: bokosi la zida zokonzera kabureta ya Ford Model A, ndi kabuku kake ka malangizo

Bokosili ndi la iwo amene akudzutsa Ford Model A, galimoto ya ku America ya zaka za 1928 mpaka 1931. Muli magasiketi onse a kabureta ya Zenith, majeti anayi (tizitsulo ta mabowo timene petulo amadutsamo), valavu ya fuloti (kachitini koyandama kamene kamatseka petulo akadzaza m'kabureta), singano yosinthira mafuta, mapoyinti ndi kondensa (tizida ta moto wa mapulagi), ndi kabuku ka malangizo kamene mwini galimoto ankapatsidwa, kosindikizidwanso. Tinaziika pa Tudor (Model A ya zitseko ziwiri) ya 1930 imene inakhala nthawi yaitali osayenda. Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Magasiketi ndi kabuku n'zoyenera ndalama yake, koma majeti musawakhulupirire msanga.

Galimotoyi ilibe pampu ya mafuta. Thanki yake, ya malita pafupifupi 42 pa ya 1930, ili pakati pa injini ndi woyendetsa, ndipo petulo amangotsika yekha monga madzi m'paipi. Amadutsa pa kampopi kamene kali pansi pa thanki, n'kulowa m'kambale kosefera zinyalala, kenako ku kabureta. Choncho musanamasule chilichonse tsekani kampopiko. Mukaiwala, thanki yonse ithera pansi.

Kabureta ya Zenith ndi yachitsulo cholemera, ya mbali ziwiri zogwirizidwa ndi bawuti imodzi yokha. Mukamasula bawutiyo, mbali ziwirizo nthawi zambiri zimakakamira chifukwa venturi, kachitsulo kooneka ngati fanulo kamene mpweya umadutsamo, kamafufuma ndi ukalamba. Osapana ndi sikuludiraiva. Thirani mafuta osungunula dzimbiri, igone usiku umodzi, m'mawa muzigogoda pang'onopang'ono ndi mtengo. Venturi m'bokosili mulibe, ndiye mukaiswa muyitanitsa ina padera.

Magasiketi adulidwa bwino, mabowo ake akugwirizana ndi a kabureta popanda kusema. Aja ang'onoang'ono ofiira a pansi pa majeti ndi olimba, sanang'ambike pomanga. Apa palibe chodandaula.

Vuto lili pa majeti. Alipo anayi: main, cap, compensator ndi ya idle, yopatsa injini petulo galimoto ili chiimire. Poyang'ana ndi maso ali bwinobwino, akuwala, koma mabowo ake sanabooledwe molingana ndi akale. Ya idle inali yotakata kwambiri, moti injini ikamalira galimoto ili chiimire inkatulutsa utsi wakuda, mapulagi n'kudzaza mwaye posakhalitsa. Titabwezera jeti yakale, yotsukidwa, utsiwo unaleka. Choncho akale musataye. Anyikeni mu mankhwala otsukira kabureta, muwauzire ndi mpweya wa kompuresa, muwaunike padzuwa. Waya wachitsulo asalowemo, chifukwa jeti ndi yamkuwa, ndipo bowo likangokula pang'ono silibwereranso. Yang'ananinso kutalika kwa main ndi cap, zija zimaima moyandikana pakhosi pa kabureta. Zikakhala zazifupi nsonga zake zimakhala pansi pa mlingo wa petulo, ndiye kabureta imadontha ngakhale fuloti ili bwino. Ambiri amalimbana ndi fuloti tsiku lonse pomwe wolakwa ndi jeti.

Mlingo wa petulo m'kabureta uyenera kukhala 5/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 16, pansi pa msoko umene mbali ziwiri zija zimakumana. Njira yabwino yoyezera ndi kumanga kapaipi koonekera pa bowo lokhuthulira la pansi, n'kukaimika m'mbali, kenako kutsegula kampopi. Petulo akakwera kupitirira, onjezani washa pansi pa valavu ya fuloti; akachepa, chotsani imodzi. Fuloti yokha musaipinde. Ichotseni muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati ndiye kuti yabooka. Bokosili lili ndi mawasha awiri okha a ntchitoyi, ndipo akanaika anayi a makulidwe osiyana zikanathandiza.

Valavu ya fuloti ya m'bokosili ili ndi nsonga yalabala. Imatseka bwino, koma galimoto ikakhala masabata angapo imamatirira, petulo osalowa. Kugogoda kabureta ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kumaimasula. Petulo wa masiku ano ku America amasakanizidwa ndi ethanol, monganso wa kuno ku Malawi, ndipo ethanol amakoka chinyezi, amasungunulanso utomoni wakale wa m'thanki. Zinyalala zimenezo ndizo zimatseka valavu. Sefa yapepala ya magalimoto a pampu musaike, popeza petulo wongotsika yekha alibe mphamvu yoibooleza. Yabwino ndi ija yonga pensulo yoima pamwamba pa kampopi mkati mwa thanki. Onaninso kuti kabowo kopumira pa chitsekerero cha thanki n'kotsegula. Kakatsekeka galimoto imayenda makilomita ochepa n'kuzima ngati mafuta atha.

Chinthu chimodzi bokosili silingachize: shafti ya throttle, kamtanda kotsegula ndi kutseka khosi la kabureta, ikadyeka, mpweya umalowera m'mbali ndipo idle siikhazikika. Igwedezeni ndi chala. Ngati ikusewera, pakufunika shafti yokulirapo ndi munthu wodziwa kuboola.

Mapoyinti ndi abwino, nkhope zake zikukumana mofanana. Mpata wake ndi 0.018 mpaka 0.022 ya inchi, tinene theka la milimita, pomwe wa mapulagi ndi 0.035. Yambani ndi mpata, taimingi pambuyo, chifukwa mukasintha mpata taimingi imasuntha. Ford anaika nzeru yosavuta pa taimingi. Kutsogolo kwa injini, pa chivundikiro cha magiya, pali kabawuti ka nsonga. Kamasuleni, kutembenuza, kulowetsa nsongayo m'bowo lomwelo, wina azizunguza injini pang'onopang'ono ndi handulo. Nsonga ikagwera m'kadzenje ka pa giya, pisitoni yoyamba yafika pamwamba. Kwezani kandodo ka moto ka kumanzere kwa chiwongolero, kamene kamafulumizitsa kapena kuchedwetsa moto wa mapulagi, mpaka kumapeto, masulani sikulu ya kamu ya disitibyuta, lozetsani rota ku waya wa silinda yoyamba, ndipo mangani pamene mapoyinti atsala pang'ono kutseguka. Moto umayenda 1-2-4-3. Kabawuti kaja kabwezereni mmene kanalili musanalize injini.

Kondensa ndi yokayikitsa. Pa Model A imakhala m'disitibyuta, pafupi ndi chitsulo cha utsi chimene chimatentha kwambiri, ndipo zotsika mtengo zimafa ndi kutenthako. Chizindikiro chake n'chodziwika: injini ikazizira imalira bwino, ikatentha imayamba kudumphadumpha n'kuzima, mukaidikira imaliranso. Ya m'bokosili sinafe, koma chitini chake n'chopyapyala, choncho yendani ndi ina yapadera. Muli momwemo yang'anani kawaya kofewa ka pansi pa mbale ya mapoyinti. Kamapindika nthawi iliyonse mukasuntha kandodo ka moto, ndipo kakasupuka n'kukhudza chitsulo moto umathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti batire ndi ya mavoliti 6 ndipo waya wa positive ndi umene umapita ku chitsulo cha galimoto. Makaniko wozolowera magalimoto a lero amalumikiza mozondoka.

Koma chokoma kwambiri m'bokosili ndi kabuku. Pepala ndi loyera kuposa la kale, zithunzi zina zada pang'ono posindikizanso, komabe manambala onse akuwerengeka. Kakulankhula ndi mwini galimoto ngati munthu amene adzagwira yekha sipanala: mlimi, dokotala wa kumudzi, mphunzitsi. Galimoto inkabwera ndi zida zake, jeke, pampu ya matayala, chopopera girizi, masipanala ndi handulo. Oyilo ankasinthidwa pa mamailosi 500 alionse, pafupifupi makilomita 800, popeza injini ilibe sefa ya oyilo ndipo misewu yambiri ya kumidzi ku America inali yafumbi. Galimoto yatsopano sinkayenera kupitirira mamailosi 35 pa ola pa mamailosi 500 oyambirira. Nyengo yachisanu ankathira alcohol mu rediyeta kuti madzi asaundane n'kuswa injini, ndipo ankasuntha burashi yachitatu ya jenereta kuti batire izilandira moto wambiri. Ukamawerenga umaona bambo wa ku Michigan atagwada pabwalo Loweruka ndi chopopera girizi m'manja. Pamene Henry Ford ndi mwana wake Edsel anaonetsa galimotoyi mu December 1927, anthu anali atazolowera Model T ya magiya a mapedulo, choncho kabukuka kakuphunzitsanso kusintha magiya atatu ndi dzanja. Magiyawo alibe synchro, chida chothandiza kuti magiya alowe mosakhulana. Muziponda kilachi kawiri potsitsa, apo ayi akukuta mano. Magalimotowa anapangidwa oposa 4.8 miliyoni, n'chifukwa chake zida zake zikupezekabe.

Tsamba lofunika kwambiri ndi la kalizidwe. Tsegulani kampopi, kwezani kandodo ka moto, tsitsani pang'ono ka mafuta ka kumanja. Ndodo ya choko, imene ili pansi pa dashibodi mbali ya wokwera, imagwira ntchito ziwiri: mukaikoka ndi choko, mukaipotokola mukusintha kuchuluka kwa petulo. Injini ikazizira itseguleni pafupifupi theka la mzunguliro, kokani choko kamphindi kochepa chabe, ikalira musiye n'kutsitsa kandodo ka moto. Ikatentha bwezerani mpaka kota. Potseka osakanikiza, chifukwa singano yatsopano ya m'bokosili ndi yofewa ndipo imachita mzere msanga. Ngati mukuliza ndi handulo, kandodo ka moto kakhale m'mwamba ndithu ndipo chala chachikulu chisazungulire handuloyo, chifukwa injini ikabweza imathyola dzanja.