Mphoto yoitana mnzako pa zida zogulitsira pa eBay: iti imafikadi m'thumba?

Mapulogalamu ambiri othandiza ogulitsa pa eBay, msika wa pa intaneti, kaya ndi oikira katundu wambiri nthawi imodzi, osungira zithunzi kapena owerengera katundu wotsala, amakhala ndi kabatani pakona kokuuzani kuti muitane mnzanu mulandire kangachepe. Mayina ngati inkFrog, SixBit ndi 3Dsellers ogulitsa amawadziwa kale, ndipo zimene zida zotere zimachita sitizibwereza pano. Mfundo za mphoto zimasintha chaka ndi chaka, choncho chofunika kuyerekeza ndi kapangidwe ka mphotoyo. Mitundu yake ilipo itatu: ndalama yolandira kamodzi, gawo la ndalama zimene mnzanuyo amalipira mwezi uliwonse, ndi basela wa miyezi yaulere. Pambali pake pali eBay Partner Network, yomwe ndi nyama ina.

Ndalama yolandira kamodzi ndiyo imakopa maso. Njirayi ndi yakale: PayPal, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, inakulira pomwepo cha m'ma 2000, pamene inkapereka madola 10 kwa wolembetsa ndi madola 10 kwa amene wamubweretsa, ndipo ambiri mwa anthuwo anali ogulitsa pa eBay. Masiku ano ndi ochepa amene amakulipirani chifukwa choti mnzanu wangolembetsa. Ayenera kumaliza masiku oyesera aulere, kenako alipire mwezi woyamba, nthawi zina awiri kapena atatu. Vuto lili pa anthu amene mumawaitana. Wogulitsa wamng'ono ku America ali ndi malo 250 aulere oikira katundu pa eBay pa mwezi, ndipo ku Britain eBay inachotsa ndalama zodula ogulitsa wamba pa katundu wambiri mu Okutobala 2024. Munthu wogulitsa nsapato ziwiri ndi foni yakale ku Leeds sangalipire pulogalamu mwezi ndi mwezi. Amayesa sabata imodzi n'kusiya, inu n'kutsala ndi dzina lake pamndandanda, pambali pake palembedwa ziro.

Basela ndi wosavuta kuweruza. Ngati inuyo mumagwiritsa kale ntchito pulogalamuyo ndipo mumailipira, mwezi waulere ndi ndalama yeniyeni imene simunatulutse, ndipo ubwino wake ndi woti sudikira malire alionse otulutsira ndalama kapena kudulidwa ndi wotumiza ndalama. Ngati simuigwiritsa ntchito, ndi chimodzimodzi kupatsidwa chipeso mutameta mpala. Dropbox, yosungira mafayilo pa intaneti, inatchuka ndi njira yomweyi, malo aulere a 500 MB pa mnzanu aliyense, koma kumeneko aliyense ankafunadi malo osungira. Basela sasanduka ndalama, ndipo mukatseka akaunti amafera momwemo.

Tsopano tifike pa gawo la mwezi uliwonse, chifukwa ndi pamene pali phindu lenileni komanso msampha woipitsitsa. Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti pulogalamu imalipiritsa madola 20 pa mwezi. Kampani ina ikukupatsani madola 30 kamodzi, ina ikukupatsani 20 peresenti ya zimene mnzanu akulipira, omwe ndi madola 4 pa mwezi. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, yachiwiriyi yakupatsani madola 32, yadutsa kale yoyamba ija. Wogulitsa wokhazikika, amene waika katundu 600 m'pulogalamu imodzi pamodzi ndi zithunzi zake, sasamuka chisawawa chifukwa kusamutsa zonsezo ndi ntchito ya masiku angapo. Munthu mmodzi wotero amaposa anthu khumi ongoyesa.

Koma chikomekome cha mkuyu. Pitani mukawerenge mizere itatu m'mfundo za mgwirizano, ija yolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono. Woyamba ndi malire otulutsira ndalama: makampani ambiri salipira mpaka mutafika pa nambala inayake, mwachitsanzo madola 50. Wachiwiri ndi nthawi imene gawolo limatha, chifukwa mawu oti mwezi uliwonse kawirikawiri amatanthauza miyezi 12 yokha. Phatikizani ziwirizi. Mnzanu mmodzi, madola 4, miyezi 12: madola 48. Mwaperewera ndi madola awiri, ndipo simulandira ngakhale senti. Kampani yadya madola 240 a mnzanu amene munawabweretsera ndi pakamwa panu, inu mukungoyang'ana nambala pa sikirini imene simungaigwire. Kumeneku si kuiwala kwa wolemba mfundo. Amadziwa bwino kuti anthu ambiri amabweretsa mmodzi kapena awiri basi, ndipo malirewo anaikidwa pamwamba pang'ono pa zimene anthu otere angafike.

Mzere wachitatu ndi masiku odikira. Komishoni imayamba yakhala yoimitsidwa masiku 30 kapena 60, podikira kuti mwina kasitomala apempha kuti amubwezere ndalama. Akapempha, komishoniyo imafufutidwa, ndipo ngati munali mutalandira kale, amaidula pa yotsatira. Ndi anzanu atatu mumapeza madola 12 pa mwezi, mumadutsa madola 50 pa mwezi wachisanu, n'kuwonjezera miyezi iwiri yodikira, kenako tsiku lolipira limene limabwera kamodzi pa mwezi. Munthu amene anagawa linki yake yoitanira anzake mu Januwale akhoza kuona ndalama yoyamba mu Ogasiti. Mapangano ena ali ndi kamzere kena koti akaunti imene sinabweretse munthu watsopano kwa miyezi ingapo imatsekedwa, ndalama zosafika malire n'kupita nazo. Pangano lokhala ndi kamzere kameneko lisiyeni, ngakhale peresenti yake ikhale 40.

Kumbukiraninso kuti gawo la mwezi ndi mwezi limadalira kuti kampaniyo ikhalebe mmene ilili. Auctiva ndi Vendio, mayina akuluakulu a zida zogulitsira pa eBay pa nthawi yawo, anagulidwa ndi Alibaba mu 2010. Terapeak, imene anthu ankailipira kuti aone mitengo imene katundu wagulidwira, inagulidwa ndi eBay mu 2017 ndipo kenako inalowa mu Seller Hub, tsamba la eBay la ogulitsa, n'kukhala yaulere. Chida chikasanduka chaulere, 20 peresenti ya ziro ndi ziro.

eBay Partner Network imasiyana ndi zonsezi chifukwa simuitana wogulitsa, mumabweretsa wogula. Mumalandira kagawo ka mtengo wa katundu amene wagulidwa, pakati pa 1 ndi 4 peresenti malinga ndi mtundu wa katunduyo. Nthawi yake ndi yochepa: munthu akadina linki yanu ayenera kugula pasanathe maola 24. Pa okushoni pali kampata, akaponya mtengo wake m'maola 24 amenewo n'kupambana pasanathe masiku 10, malondawo amawerengedwa kuti ndi anu. Peresentiyo ndi yaing'ono, kamera ya madola 200 pa 2 peresenti ikupatsani madola 4 basi, koma malire otulutsira ndi madola 10, amene munthu wamba amafikapo. Pa nkhani yolipira zimene yalonjeza, iyi ndi imene ndingaiike patsogolo. Siyenera amene omvera ake ndi ogulitsa anzake okhaokha. Imayenera amene ali ndi gulu la anthu okonda chinthu chimodzi, monga mawotchi akale kapena zida za galimoto.

Pa kalondolondo wa linki, mitundu yonse imadwala matenda amodzi. Kampani imazindikira kuti munthu wachokera kwa inu kudzera mu cookie, kachizindikiro kamene kamatsala mu browser yake, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti. Mnzanu akatsegula linki pa foni mkati mwa WhatsApp kapena Facebook, kenako usiku n'kulembetsa pa kompyuta, cookie ija yatsala pa foni ndipo inu mwatayika. Akadutsa pa webusaiti ya makuponi kufuna kuchotseredwa mtengo asanalipire, linki yomaliza kudinidwa ndi imene imapambana, komishoni n'kupita kwa mwini makuponi amene sanayankhule naye ngakhale liwu limodzi. Safari, browser ya pa iPhone, imafufutanso ma cookie ambiri otere pakatha masiku 7, ngakhale kampani italonjeza masiku 60. Choncho pangano lokupatsani khodi yolemba pamanja polembetsa limaposa lokupatsani linki yokha. Ngati palibe khodi, muuzeni mnzanuyo adine ndi kulembetsa nthawi yomweyo pa chipangizo chimodzi.

Musaike linki yotere m'malongosoledwe a katundu wanu pa eBay. Malamulo awo amaletsa malinki otulutsa ogula kunja, ndipo kuyambira Juni 2017 analetsanso m'malongosoledwewo timapulogalamu ta JavaScript ndi tizithunzi toyendayenda tija timene zida zambiri zinkadzitsatsira. Kutaya akaunti yogulitsira chifukwa cha madola 4 ndi kugulitsa ng'ombe kuti ugule chingwe. Kudziitana nokha potsegula akaunti yachiwiri kumagwidwa msanga, poti khadi lolipirira ndi adiresi zimafanana. Ndipo ku America bungwe loteteza ogula la FTC, ku Britain loyang'anira zotsatsa malonda la ASA, amafuna kuti munene poyera kuti mumalandira kanthu pa linkiyo.

Kalandiridwe nako kamadya. Kampani ya ku America idzakupemphani fomu ya msonkho ya W-8BEN ngati simuli nzika kapena wokhala kumeneko, ndipo popanda fomuyo malipiro akhoza kuima. PayPal imadula cha m'ma 3 kapena 4 peresenti posintha madola kukhala mapaundi kapena marandi, pomwe Payoneer, njira ina yolandirira ndalama, ili ndi ndalama ya pachaka imene imadula maakaunti olandira zochepa, moti komishoni ya madola 50 ikhoza kufika itatha theka. Kwa amene ali ku Lilongwe kapena Lusaka, funso loyamba musanagawe linki n'lakuti kampaniyo imalipira kudzera kuti, ndipo njirayo imatulutsa ndalama m'dziko lanu kapena ayi.

Ndiye tisankhe chiyani? Ngati mumalipira kale chidacho ndipo anzanu ogulitsa ndi awiri kapena atatu, tengani basela, mudzamuona pa bilu ya mwezi wamawa. Ngati mumaphunzitsa anthu kugulitsa ndipo mungabweretse asanu kupita m'mwamba, tengani gawo la mwezi uliwonse, koma pokhapokha malire ake ali madola 25 kapena kutsika ndipo palibe kamzere kotseka akaunti kaja. Ndalama yolandira kamodzi ndingaitenge pa chida chimene ndikukayikira ngati chidzakhalapo zaka ziwiri zikubwerazi, ngakhale kuti chida chotere si choyenera kumuloza mnzako amene mudzaonanenso mawa.