Schindler's List kapena Son of Saul: kamera ikutsatira ndani?

Mafilimu onse awiri akukamba za mmene a Nazi anapululira Ayuda pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo onse analandira mphoto za Oscar. Pomwe akusiyana mpoti kamera ikuyenda pambuyo pa ndani.

Schindler's List ya Steven Spielberg inatuluka mu 1993, ndipo imapitirira maola atatu. Mwini nkhani ndi Oskar Schindler, wamalonda wachijeremani komanso membala wa chipani cha Nazi, yemwe anapita ku Kraków, mzinda wa ku Poland, kukasaka chuma pogwiritsa ntchito Ayuda, koma pamapeto pake n'kupulumutsa pafupifupi 1,200. Nkhani yake njosavuta kutsatira, ndipo anthu ake akulankhula Chingerezi pafupifupi paliponse. Ngati simunaonerepo filimu ya nkhani imeneyi, yambani ndi iyi.

Komabe pali chimene chimandikhala kukhosi. Ayuda amene anaphedwa ndi pafupifupi 6 miliyoni, koma filimu yotchuka kuposa zonse ikunena za ochepa amene anapulumuka, ndipo mtima umene tikuuona ukusintha pang'onopang'ono ngwa Mjeremani. Kupatula Itzhak Stern, wowerengera ndalama amene gawo lake anasewera ndi Ben Kingsley, ndi ena owerengeka, Ayuda ambiri timawaona m'chigulu: ali pamzere, akukankhidwa, akudikira kuti dzina lawo lilembedwe. Zili ngati pamaliro anthu akutama amene wabweretsa bokosi, womwalirayo osatchulidwa.

Son of Saul ya László Nemes ndi ya ku Hungary, ya mu 2015, ndipo siifika maola awiri. Saul ndi Myuda wa ku Hungary yemwe ali m'gulu la Sonderkommando ku Auschwitz, msasa wopherako anthu wa a Nazi ku Poland, mu 1944. Awa anali akaidi amene ankakakamizidwa kutulutsa mitembo m'zipinda za mpweya wakupha n'kukaitentha. Wapeza mtembo wa mnyamata amene akuti ndi mwana wake, ndipo akufunafuna rabi, mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda, woti amuike m'manda mwamwambo. Nkhani ndi yomweyo. Kamera yangomatirira pankhope ndi kumsana kwa Saul. Zoopsazo zili mbuu kuseri kwake, mumangozimva ndi makutu. Kulibe mpulumutsi.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi zilankhulo. Mumamva Chihangare, Chiyidishi, Chijeremani, Chipolishi ndi zina, akaidi akulephera kumvana okhaokha. Apa m'pamene umazindikira kuti Ayuda sanali anthu a mudzi umodzi. Pakati pa Meyi ndi Julayi 1944 pokha, oposa 430,000 anatengedwa ku Hungary, ambiri kupita ku Auschwitz, n'kukakumana ndi ena ochokera ku Poland, Greece ndi France. Chingerezi cha Spielberg chimakwirira kusiyana konseko. Vuto la Son of Saul n'loti muziwerenga mawu a m'munsi mpaka kumapeto, ndipo pa foni yaing'ono zimatopetsa maso. Si filimu yoonera ndi ana.

Pa nkhani ya amayi, Spielberg ndiye wachita bwinoko, chifukwa tikuona amayi, ana ndi agogo. Kwa Nemes amayi amangodutsa, pomwe kuukira kwa akaidi kwa pa 7 Okutobala 1944, komwe filimuyi ikuonetsa, kunadalira onga wa mfuti umene amayi achiyuda ankazembetsa kuchokera ku fakitale ya zida. Anayi mwa iwo, kuphatikizapo Roza Robota, ananyongedwa mu Januwale 1945.

Alipo amene mafilimu onse awiri sawapatsa bwalo. Ayuda a ku Thessaloniki, mzinda wa ku Greece, olankhula Chiladino, analipo pafupifupi 50,000, ndipo amene anabwerera ndi ochepa zedi. Aromani, mtundu wa anthu amene ena amawatcha ma Gypsy, nawo anali ndi msasa wawo ku Birkenau, gawo la Auschwitz, ndipo masauzande anaphedwa usiku umodzi wokha wa pa 2 Ogasiti 1944. Wofuna za Aromani afufuze Korkoro ya Tony Gatlif, ya mu 2009, ngakhale yochitikira ku France.

Ine kwa mphunzitsi wa mbiri yakale amene ali ndi mpata wa filimu imodzi ndinganene Schindler's List, koma asanaiyatse alembe pa bolodi manambala awiri aja, 1,200 ndi 6 miliyoni. Son of Saul muionere kunyumba ana atagona, mahedifoni ali kumakutu.